FocusWriter: yabwino polemba koyamba, yoperewera pomalizitsa

Kwa amene akulemba buku kapena thesis kuno ku Blantyre, FocusWriter ndi pulogalamu yolembera ya pa kompyuta yoyenera kuiyesa. Ndi yaulere, imayenda pa Windows ndi Linux, ndipo mukangoitsitsa sifunanso intaneti. Bandulo musungire zina.

Ikatseguka, sikirini yonse imasanduka pepala. Mabatani amabisala mpaka mutafikitsa mouse m'mphepete. Mphamvu yake yeniyeni ili pa Daily Goal, mu Preferences: mumasankha mawu kapena mphindi zoti mukwanitse pa tsiku. Yambani ndi mawu 300. Ambiri amathamangira 1,000, n'kulephera masiku atatu otsatizana, mtima n'kugwa. Mawu 300 tsiku lililonse amapereka mawu 9,000 m'masiku 30, ndipo kalendala ya Daily Progress imaonetsa masiku amene mwakwanitsa mosadukiza. Pokonza zolemba kale sinthirani ku mphindi, chifukwa mukamafufuta, chiwerengero cha mawu chimabwerera m'mbuyo ngakhale mwagwira ntchito yotamandika.

Ikani ## pakati pa zigawo kuti zizioneka pa mndandanda wa kumanzere. Polemba Chichewa zimitsani spell check, apo ayi tsamba lonse lidzadza mizere yofiira.

Zofooka zilipo. Ilibe mawu a m'munsi mwa tsamba (footnotes) kapena matebulo, choncho wophunzira wa pa yunivesite ya MUBAS kapena KUHeS ayenera kumalizitsira mu Word kapena LibreOffice. Sisunganso ntchito yanu pa intaneti. Ngati batire ya laputopu inatopa, magetsi akangozima mukhoza kutaya zimene simunasunge. Dinani Ctrl+S pafupipafupi kuti musunge ntchito, ndipo madzulo aliwonse kopani fayilo pa flash.