Miyezi 9 ndi ECU yochuna pa laputopu: vuto la mafuta ochuluka poliza injini yotentha

Papita miyezi 9 chichotsereni kompyuta ya kufakitale mu Toyota Altezza yanga ya injini ya 3S-GE, n'kuikamo ECU (kompyuta yoyendetsa injini) yogula payokha yomwe munthu amaichuna pa laputopu. Pamsewu sindinadandaulepo. Galimotoyi imakoka bwino, ndipo ngakhale m'mawa wozizira wa mu Juni inkalira ndikangopotokola kiyi kamodzi. Chimene chinandisowetsa mtendere kwa miyezi yambiri chinali kuiliza ikadali yotentha. Ndikaima mphindi 15 pa Kaguvi Street mu Harare kukagula sipeya, pobwerera injini inkadzuka monjenjemera, ekizozi n'kumalavula utsi wakuda wonunkha petulo, ndipo kawiri konse inazima anyamata ogulitsa zida akuonerera. Mapulagi ndikawamasula ankatuluka akuda bii ndi mwaye.

Poyamba ndinakayikira petulo, chifukwa wa muno mu Zimbabwe amasakanizidwa ndi ethanol wa ku Chisumbanje. Ganizo limeneli silinapite patali, pakuti ethanol amafuna mpweya wochepa kuti apse kusiyana ndi petulo weniweni, yemwe amafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta. Akanakhala wolakwa ndi iyeyo, mafuta akanapelewera osati kuchuluka. Ndinaganizanso za kukwera kwa Harare, pafupifupi mamita 1,500, kumene MAP, sensa yoyeza mphamvu ya mpweya wolowa mu injini, imawerenga 85 kPa injini isanalire, koma ECU imayeza zimenezi yokha ndipo sindinapezepo cholakwika.

Amene anandiwongola ndi amakaniko ena achikulire a ku Mufakose, omwe makolo awo anachokera ku Dedza. Atamva nkhani yanga anati, "Achimwene, musasinthe kanthu musanajambule zimene injini ikuchita masekondi oyamba aja." Ndinatenga laputopu, n'kuyenda mpaka madzi a injini atafika madigiri 88, n'kuzimitsa, n'kudikira, kenaka n'kuliza uku ndikujambula log, ndiye kuti manambala oonetsa zimene injini ikuchita.

Pamenepo m'pamene zinaonekera poyera. Tebulo la afterstart enrichment, lomwe limawonjezera mafuta injini ikangodzuka, linali lokonzedwa bwino kumbali yozizira, koma munthu amene anachuna galimotoyi sanalitsitse kumbali yotentha, moti pa madigiri 80 linkawonjezerabe mafuta ndi 25 peresenti kwa masekondi pafupifupi 20. Injini yozizira imafunadi mafuta owonjezera chifukwa ena amamatirira m'makoma a njira ya mpweya, koma yotentha imawasandutsa nthunzi onse, ndiye owonjezerawo amangoimiza. Choipa n'chakuti pa nthawi yomweyo sensa ya wideband, yomwe imayeza mpweya wotsala mu utsi wa ekizozi, imakhala isanatenthe mokwanira kuti iyambe kuwerenga, choncho closed loop, njira imene ECU imakonzera mafuta yokha potengera sensayo, siingakonze kalikonse. Itayamba kuwerenga inaonetsa lambda 0.76, kutanthauza kuti mafuta anachuluka kwambiri, pamene pa idle (injini ikamangolira galimoto itaima) pamafunika pafupi ndi 1.

Panalinso chachiwiri, chobisika kwambiri. Galimoto ikaima, kutentha kwa pansi pa boneti kumalowa mu sensa ya IAT, yoyeza kutentha kwa mpweya wolowa mu injini, ndipo yanga inkawerenga madigiri 70 mpweya wolowa usanafike n'komwe pamenepo. Mwa masamu a ECU, mpweya wotentha ndi wopepuka, kotero imachepetsa mafuta. Wochuna uja, pofuna kupewa zimenezi, anawonjezera mafuta pa tebulo la IAT mopyola muyezo, ndipo matebulo awiriwa ankathira limodzi. Sindimunena kwambiri, chifukwa pa dyno, makina oyezera mphamvu ya injini pochuna, injini siizimitsidwa n'kudikiridwa kotala la ola, komabe pa ndalama imene ndinalipira ndikanayembekezera kuti ayese zimenezi ngakhale kamodzi.

Ndisanakhudze matebulo, amakaniko aja anaumirira kuti timange geji pa paipi ya mafuta kuti tione ngati injekita (chofayira mafuta mu injini) ina ikudontha injini itazima. Muvi unakhala pomwepo kwa theka la ola, ndiye mainjekita tinawasiya.

Ndinatsitsa afterstart kufika pa 5 peresenti kwa masekondi atatu kuyambira madigiri 70 kupita m'mwamba, ndinabweza tebulo la IAT pang'onopang'ono kwa masabata awiri, ndipo sensa ya IAT ija ndinaisunthira kutali ndi chitsulo cha manifold, mapaipi olowetsa mpweya mu injini. Chiyeso chenicheni chinali kutentha kwa Okutobala, m'mizere ya magalimoto ya pa Seke Road, ndipo utsi wakuda uja sunabwerenso. Chatsala n'chakuti ikaima mphindi zosakwana zisanu, idle imakwera kaye mpaka 1,300 isanakhazikike, ndipo ndikuganiza kuti nkhani ili pa valavu ya idle, yomwe ndikufuna kuitsuka Loweruka likubwerali.