Pati taimu ya masamu ya madala aja kuseri kwa Kamuzu Road, mmene ndaionera ine

Anthu angapo akhala akundifunsa za aphunzitsi opuma pa ntchito aja amene amaphunzitsa masamu pakhonde pawo kuno ku Salima, nde ndati ndingofotokoza kamodzi basi. Dzina sinditchula, madalawo sakonda zotchuka.

Ine ndimaphunzitsa ku pulayimale koma ndikuwonjezera sukulu, maphunziro a patali aja, ndipo chinandigwetsa semesita yatha ndi ma conic sections, circle, ellipse, parabola ndi hyperbola. Mafomula onse ndinaloweza ngati nyimbo ya ku kwaya koma pepala litangoti derive, kutanthauza onetsani mmene fomula imabwerera, mutu unaima, ndinangolemba fomula yomaliza nkumayang'ana kudenga mpaka nthawi kutha. Mnzanga wina ndi amene anandikokera kwa madalawa, ndapitako miyezi iwiri, Loweruka lililonse.

Tsiku loyamba ndinatsala pang'ono kufunsa ndalama yanga. Mmalo mwa choko anatulutsa dongo, nkuumba ka cone konga denga la nkhokwe, kenako nkumadula ndi ulusi. Kudula mopingasa bwinobwino kunatuluka circle, kupendeketsa pang'ono ellipse, kudula motsatira kupendekeka kwa mbali yake parabola, ndipo ataimika ulusi kwambiri anati iyi nde hyperbola, ingofunika cone inzake pamwamba, nsonga kukhudzana, kuti muone mbali zonse ziwiri. Mnyamata wina wa ku Nkhotakota anati bwanji osangogwiritsa kondowole, iwo amvekere kondowole ikakamira ulusi ndipo mudya ellipse yanga ndisanamalize. Apa mpamene anatiuza kuti maina atatuwa, ellipse, parabola ndi hyperbola, anawakhazikitsa ndi Apollonius wa ku Perga cha m'ma 200 BC, pomwe zolemba ndi x ndi y zinabwera mochedwa kwambiri, buku la Descartes linatuluka mu 1637. Ndiye kuti anthu anakhala zaka mazanamazana akuzidziwa bwino zinthuzi opanda ekwezhoni ya x ndi y ngakhale imodzi, ife nkumayambira ku ekwezhoni osadziwa chinthu chake.

Pomwe ndinawagonjera ndi pa ellipse. Anatitulutsa panja pa mchenga, anakhoma zikhomo ziwiri motalikirana 80 cm, nkumanga chingwe cha ukonde cha 100 cm mbali iyi pa chikhomo ichi mbali inayo pa chinacho, nkundipatsa kamtengo kuti ndikoke chingwe chikungike ndizizungulira ndikujambula. Chinatuluka chozungulira chophwatalala, chooneka bwino zedi. Nde akuti, aphunzitsi anzanga, chomwe sichinasinthe pamene mumazungulira nchiyani? Ndinati chingwe. Basi ellipse ndi imeneyo, mtunda wopita ku chikhomo ichi kuphatikiza wopita ku chinacho nthawi zonse ndi 100, zikhomozo ndi ma foci, chingwe ndi 2a, nde a ndi 50 ndipo c, theka la mtunda wa pakati pa zikhomo, ndi 40. Kenako anandiimitsa pamwamba penipeni pomwe chingwe chagawikana pakati, 50 uku 50 uku, pansi 40, Pythagoras akupatsa 30, imeneyo nde b, ndipo titayeza ndi tepi inalidi 30. Ka b² = a² − c² kamene ndinkaloweza mwezi wathunthu kaja kanali kali pa mchenga pamaso panga, thirayango ya 3, 4, 5 yomwe ndimaphunzitsa ndekha ana!

Titalowa mkati mpamene tinalemba ma square root awiri, oimira mitunda yopita ku zikhomo ziwiri zija, kuti akuphatikiza kupanga 2a. Apa sananyengerere, aliyense amayenera kusamutsa root imodzi kupita mbali inayo, kupanga square, kuchotsa zofanana, kupanganso square kachiwiri mpaka ifike pa x²/a² + y²/b² = 1 ndi dzanja lake. Ine ndinasochera kawiri pa chizindikiro cha minus, sanandiuze pomwe ndalakwa, anangoti bwererani mzere wachitatu nkupita kukamwa madzi. Zimakwiyitsa koma zimagwira.

Parabola inali yophweka titadziwa kafunsidwe kake. Focus pa (a, 0), mzere wowongoka wotchedwa directrix pa x = −a, mtunda wopita ku focus ndi wopita ku mzerewo ufanane, nde (x − a)² + y² = (x + a)², ukatsegula mabulaketi x² ndi a² zimadyana kutsala y² = 4ax, mizere itatu yokha. Anatilozera dishi ya DStv ya aneba kuti kachitsulo kali kutsogolo kaja kamakhala pa focus, chifukwa zonse zogunda dishi kuchokera ku setilaiti zimabwerera pamalo amodzi amenewo. Za Kepler yemwe mu 1609 analemba kuti Mars imayenda mu ellipse dzuwa lili pa focus imodzi anangodutsapo.

Tsopano zomwe sizinandisangalatse, chifukwa zilipo. Hyperbola anaithamangitsa. Anangoti ndi chimodzimodzi ellipse koma mmalo mophatikiza mitunda mukuchotsera, fomula ikhala ndi minus pakati ndipo c² = a² + b², kapangeni kunyumba. Ma asymptote, mizere yowongoka yomwe hyperbola imayandikira koma osaikhudza, omwe ndi amene amavuta pojambula gilafu, anawapatsa mwina mphindi khumi, magetsi atazima, akuwalitsa bolodi ndi tochi ya pafoni. Ndinakazimvetsa ndekha usiku pa YouTube, bandulo yanga. Chinanso nthawi sasunga, kalasi ya 2 koloko imayamba cha m'ma 3, ndipo ndi kutentha kwa Salima mu Okutobala pansi pa malata, anthu khumi ndi awiri pa mabenchi atatu, ukamatuluka malaya ali chonyowa. Madzi tengani anu. Ma past paper alibe ambiri, ndipo amasakaniza ife a ku koleji ndi ana a Fomu 4 nde nthawi zina umadikira ena amalize za ma quadratic.

Malipiro ndi a pamwezi, amalola kupereka theka kaye, Airtel Money kapena Mpamba zonse amalandira. Kwa ine mtengo wake ndi wabwino poyerekeza ndi zomwe ndinaluza pobwereza kosi. Koma ngati mayeso ali sabata ya mawa ndipo mukungofuna wina akupatseni mafomula muloweze, musavutike kukwera kabaza, mukakhumudwa, madalawa atha kukugwiritsani chingwe ola lathunthu.

Ine mwezi wamawa ndibwererako, ndawauza kale kuti ulendo uno tiyambire hyperbola dzuwa lisanalowe. Anaseka nkuti ndibwere ndi dongo langa, lawo ana anaumbira ng'ombe.