Kalendala yapakhoma yosonyeza mwezi: imathandizadi kuwerengera Pasaka?

M'masitolo ogulitsa makope pa Dedza boma mumapezeka kalendala ya masamba 12 yokhala ndi tizizindikiro ta mwezi ndi masiku a tchalitchi. Kwa akatekisiti ndi alembi a mpingo ndi yoyenera kugula, koma ili ndi misampha.

Lamulo lowerengera Pasaka ndi ili: pezani 21 Malichi, fufuzani mwezi wathunthu woyamba kuyambira tsikulo, ndipo Lamulungu lotsatira ndiye Pasaka. N'chifukwa chake sangabwere 22 Malichi isanakwane kapena kupitirira 25 Epulo. Mu 2026 mwezi wathunthu ndi wa pa 2 Epulo, Pasaka pa 5 Epulo. Bwererani masiku 46, mupeza Lachitatu Laphulusa pa 18 Febuluwale. Apa kalendalayi yakhoza.

Msampha woyamba ndi tizizindikiro. Kabwalo koyera ndi mwezi wathunthu, kakuda ndi mdima, koma tanthauzoli analilemba m'tizilembo tating'ono pansi penipeni. Mukasokoneza, mwaphonya ndi milungu iwiri. Wachiwiri: mpingo umatsata tebulo lake la masiku a mwezi wathunthu, osati mwezi wa kumwamba. Mu 2019 mwezi unadzaza pa 21 Malichi, koma tebulo linati 20 Malichi, 21 isanakwane, choncho anadikira mwezi wathunthu wotsatira, Pasaka n'kupita pa 21 Epulo. Za izi kalendalayi ili chete.

Chotigwetsa ulesi kwambiri ndi tsamba la Epulo, la maluwa ophukira kumene ngati ku Ulaya. Nyengo ya phwandoli imatsata munda wa ku Israeli. Paskha wa Ayuda amadyedwa usiku wolowa 15 Nisani, mwezi umene Eksodo amautcha Abibu, nthawi imene barele wayamba kucha. Levitiko 23 imalamula kubweretsa mtolo woyamba kwa wansembe. Kuti tsikuli lisathawe nyengo yake, Ayuda amaonjezera mwezi wa 13 kasanu ndi kawiri pa zaka 19 zilizonse. Ndiye mu 2024 ife tinachita Pasaka pa 31 Malichi, iwo n'kuyamba madzulo a 22 Epulo. Kuno mvula imakhala ikukata, tikuotcha chimanga chachiwisi, maungu ali mbwee, chisanu cha Juni chikuyandikira. Chithunzi cha dengu la zipatso zoyamba chikanalongosola Levitiko bwino kuposa maluwawo.

Pepala ndi lopyapyala, ndipo khoma lachinyezi la kuno limalipinda msanga. Ikani katoni kumbuyo musanakhome msomali.