Wogulitsa masipeya amene anayamba wandifunsa nambala ya fulemu

Kanjinga kanga kamoto ka Honda CT70 kanakhala zaka zoposa 20 kali chigonere m'galaja mwa malume anga. Tsiku limene ndinakatulutsa, matayala anali ataphwa n'kung'aluka, chishalo makoswe atachiboola, ndipo m'thanki munkatuluka fungo la petulo wokhalitsa uja amene amasanduka chinthu chomata ngati vanishi. Koma nditaponda kiki, inatsika bwinobwino. Pisitoni inali isanamatirire. Pamenepo mtima unakhala pansi, ndinadziwa kuti kanthuka kadzuka.

Vuto linali masipeya. Ndinapeza bambo wina amene ali ndi kasitolo ka pa intaneti kogulitsa zipangizo za tinjinga takale tokhatokha, ndipo pa miyezi 8 ndagulako kanayi. Ndikufuna ndifotokoze mmene tayendera, chifukwa amene akuyamba kumene ntchito imeneyi ndalama zambiri amatayira pa zinthu zosalowa.

Uthenga wanga woyamba unali waufupi. Ndinati ndikufuna kabuleta yatsopano ya CT70, kachipangizo kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya. M'malo mondiuza kuti ilipo, iwo anayankha kuti, "Achimwene, musanagule kalikonse nditumizireni chithunzi cha nambala ya fulemu, nambala ya injini, ndi kabuleta imene ilipoyo." Kunena zoona ndinaona ngati akundichedwetsa. Patapita tsiku anandifotokozera chifukwa chake. Honda inayamba kupanga CT70 mu 1969, ndipo mtundu woyambawo anthu amautchula kuti K0. Pofika 1972 kunabwera K1, ndipo zinthu zingapo zinasintha. Pa K0 wotchi ya liwiro ili m'chigoba cha nyali yakutsogolo, pomwe pa K1 inaikidwa payokha. Mafoloko akutsogolo nawonso si ofanana. Palinso CT70H ya magiya anayi ndi kilatchi yam'manja, yosiyana ndi yanga ya magiya atatu imene kilatchi yake imadzigwirira yokha. Zonsezi pachithunzi zimaoneka ngati kanjinga kamodzimodzi, koma ukagula mongoyerekeza umalandira chinthu chimene mabowo ake sakumana. Yanga inapezeka kuti ndi K0.

Za kabuleta ndiye anandikaniza kwamtuwagalu. Ataona pachithunzi kuti inali yoyambirira, ya kampani ya Keihin, anati ndisayerekeze kuitaya. Makabuleta atsopano otsanzira ali nawo, akanatha kundigulitsa n'kupeza phindu lochulukirapo, koma anati ambiri mwa iwo majeti ake, tizitsulo ta timabowo todutsitsa petulo, sayenderana ndi injini ya 72cc, ndipo munthu umatha milungu ukupotokola masikulu, injini ikungotsamwa. Ananditumizira kapaketi ka magasiketi, singano ya fuloti ndi timphira, n'kundilangiza kuti majeti achikasu akalewo ndiwatsuke n'kuwabwezera momwemo, ndisaike atsopano a m'paketimo.

Ndinachita zomwezo. Jeti yaing'ono ija, yomwe imadyetsa injini ikamalira pang'onopang'ono, ndinainyika usiku wonse m'mankhwala otsukira kabuleta. M'mawa ndinaiyang'anitsa padzuwa, kabowo kake kali kotseka ndithu. Ndinatenga kawaya kamodzi kofewa ka kopa, kochokera mu waya wamagetsi, n'kumakalowetsa pang'onopang'ono osakakamiza, kuopa kukulitsa bowo. Kenako kunatuluka kachinthu kobiriwira kochepa kuposa mchenga, ndipo nditayang'ananso kuwala kunaonekera mbali inayo, kadontho kozungulira bwino. Kamchenga kameneko ndi kamene kakanandichititsa kugula kabuleta yatsopano yonse.

Chinthu china chimene ndimawayamikira nacho n'choti katundu wawo amamulemba mosabisa. Ali ndi magulu atatu: zakale zenizeni za kufakitale zimene sizinagwirepo ntchito, zopangidwa masiku ano motsanzira, ndi zochotsa ku tinjinga tina. Pa chilichonse amalemba gulu lake, ndipo chikakhala chogwirapo kale ntchito amajambula chinthu chenichenicho chimene udzalandire, ndi dzimbiri lake lomwe. Ndinagula chivindikiro cha tcheni chochotsa ku kanjinga kena, ndipo kamkwala kamene ndinakaona pachithunzi ndinakapezadi pamalo pomwepo. Anandichenjezanso kuti zamphira zisakhale zakale ngakhale zitakhala zosagwirapo ntchito, chifukwa mphira wa zaka 50 amauma ali m'paketi momwemo. Choncho mapaipi a petulo, machubu ndi masili ndinatenga atsopano.

Zida ziwiri zimene anandiuza kuti ndigule zandipulumutsa kwambiri. Choyamba ndi sikuludiraiva ya JIS, yopangidwa pa muyezo wa ku Japan. Masikulu a njinga zakale za ku Japan amaoneka ngati a Phillips, a mphanda wamba aja, koma mphanda wake ndi wosiyana, ndipo ambiri ali ndi kadontho pamutu. Ukalowetsamo ya Phillips imatumphuka n'kudya mutu wa sikulu. Ndinali nditawononga kale awiri pa chivindikiro cha injini ndisanadziwe zimenezi. Ya JIS itafika, otsalawo anamasuka mosavuta. Chachiwiri ndi chokokera fulaiwilo cha mamilimita 27, chimene mazinga ake amalowa chakumanzere. Popanda chimenechi sungafike bwino pa mapointi ndi kondensa, tizipangizo toyambitsa moto wa pulagi, ndipo amene amayesa kugogoda ndi hamala amapinditsa kilankishafuti. Atanditumizira mapointi atsopano analembanso pa kapepala ndi dzanja lawo kuti mpata wake ukhale pakati pa mamilimita 0.3 ndi 0.4, mavalavu 0.05 injini ili yozizira, ndipo mapointi ayambe kutseguka chizindikiro cha F cha pa fulaiwilo chikafika pa kamzere. Kapepalako ndinakamata pakhoma pamwamba pa tebulo langa logwirira ntchito.

Tsopano ndinene zimene sizinandisangalatse, chifukwa zilipo.

Ulendo wachitatu ndinaitanitsa mtolo wa mawaya wotsanzira ndi chikopa cha chishalo. Panadutsa milungu itatu kuli zii. Nambala yolondolera katundu sanandipatse, mauthenga anga awiri sanayankhe. Atayankha anapepesa kuti mawayawo anali atatha ndipo ankadikira ena. Zimenezo zimachitika, koma akanangondiuza tsiku loyamba lomwelo ndikanayamba ntchito ina m'malo momangoyang'ana kunjira. Zikuoneka kuti pa sitoloyo pali iwo okha, mwina ndi wothandiza mmodzi, ndiye zikawachulukira mauthenga ndi amene amatsalira.

Mawaya atafika, mitundu yake inali yolondola, wobiriwira ali wa nthaka, wolumikiza ku fulemu, monga mwa chizolowezi cha Honda, koma timitu tolumikizira tinali tophwanyidwa mwaulesi. Tiwiri tinasomphoka ndikungokoka pang'ono. Ndinatenga madzulo athunthu ndikukoka kamutu kalikonse ndi kuwotcherera tofooka. Nditawauza, anavomera kuti wopanga ameneyo ntchito yake yatsika, n'kunditumizira timitu tina popanda kundilipiritsa. Chikopa cha chishalo chinali chabwino kusoka kwake, koma chothina moti chinalowa nditachiika padzuwa kuti chifewe. Zimenezi akanayenera kulemba pa malongosoledwe a katunduyo.

Dziwaninso kuti nzeru zawo zagona pa Honda, makamaka CT70 ndi Z50, kanjinga kena ka matayala a mainchesi 8. Mnzanga wina ali ndi Rupp Roadster, ya kampani ya ku Mansfield m'chigawo cha Ohio imene inagwa mu 1978. Kanjinga kake kali ndi injini ya Tecumseh, yoyendera lamba m'malo mwa magiya, ndipo mabawuti ake ndi a mainchesi osati mamilimita. Atawafunsa, anamuyankha mosapita m'mbali kuti za tinjinga ta ku America ali nazo zochepa, tcheni ndi timasipuroketi basi, ndipo zina akafufuze kwa anthu amene amachita za Rupp zokhazokha. Mnzangayo anakhumudwa, koma ine ndinaona kuti n'chimodzimodzi ndi zimene anandichitira pa kabuleta paja. Chimene sakuchidziwa bwino sakugulitsa mongoyesa.

Matayala ndinaika ndekha. Marimu a CT70 ndi a mainchesi 10 ndipo amagawanika pawiri, omangidwa ndi mabawuti, choncho sipafunika zitsulo zotukulira tayala. Bambowo anandikumbutsa kuti nditulutse mpweya wonse ndisanakhudze bawuti ngakhale limodzi, ndipo pomanga ndiike kampweya pang'ono m'chubu kuti marimu asachitsine pakati. Anandiuzanso kuti ndisalize injini batire ya mavoti 6 isanalowe, chifukwa popanda batire magetsi amakwera n'kupsereza mababu. Mababu a mavoti 6 sapezeka paliponse, ndiye ndinagula angapo osungira.

Loweruka lapitali ndinathira petulo m'thanki yotsuka, n'kutsegula kampopi, n'kutseka choko. Kiki yoyamba, zii. Yachiwiri inatsokomola. Yachitatu inalira, utsi wa buluu kubuka kwa mphindi ziwiri kenako n'kuyera, injini n'kukhazikika pa kamawu kake kofatsa kaja, pa kabuleta yomweyo imene ndinkafuna kutaya. Ndinajambula kavidiyo n'kutumizira malume ndi bambo wa masipeya uja. Malume anaimba foni pompo. Bambowo anayankha patapita masiku anayi, akuti pakumveka kaphokoso ka tcheni cha kamu, ndione chokungira chake ndisanayende ulendo wautali. Ndachiona, kagudumu kake kamphira katha, ndipo ndaitanitsa kale kena kwa iwo omwewo.