Ndemanga pa ntchito ya wounika maphunziro a pakhomo ku Pennsylvania

Papita zaka ziwiri chiyambireni kuphunzitsira ana athu awiri pakhomo kuno ku Pennsylvania, ndipo pa nthawi yonseyi takhala tikuthandizidwa ndi mayi wina amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi n'kutsegula kaofesi kothandiza makolo kukwaniritsa zofuna za malamulo. Anzathu angapo afunsa ngati ndalama zimene timalipira kwa mayiwa zili ndi phindu, ndipo yankho langa n'lakuti inde, koma phindulo silili pamene ine ndinkaliyembekezera poyamba.

Ku America boma lililonse mwa maboma 50 lili ndi lamulo lake pa nkhani yophunzitsira ana pakhomo. Ku New Jersey, kumene n'kungowoloka mtsinje wa Delaware, kholo silikakamizidwa ngakhale kudziwitsa akuluakulu a maphunziro, pamene ku New York kholo limapereka malipoti kanayi pa chaka. Pennsylvania ili m'gulu la maboma okhwimitsa zinthu. Lamulo lake, lotchedwa Act 169, linakhazikitsidwa mu 1988, ndipo limafuna kuti kholo lipereke chikalata cholumbira kwa mkulu wa sukulu za m'dera lake lisanayambe kuphunzitsa, kenako chaka chilichonse pofika pa 1 Ogasiti. Mwana aphunzire masiku 180, kapena maola 900 ku pulayimale ndi maola 990 ku sekondale. Ntchito zake zisungidwe m'fayilo pamodzi ndi mndandanda wa mabuku amene wawerenga, ndipo pakutha pa chaka cha sukulu munthu wovomerezeka aone fayiloyo, acheze ndi mwanayo, n'kulemba kalata yotsimikizira kuti maphunziro oyenera akuchitika. Kalatayo iyenera kufika ku ofesi ya maphunziro pofika pa 30 Juni. Kholo lophunzitsa kapena mwamuna kapena mkazi wake saloledwa kukhala wounika, n'chifukwa chake anthu ngati mayiwa amafunika.

Thandizo lawo loyamba linali pa chikalata cholumbira. Chikalatachi chimafuna mayina ndi zaka za ana, umboni wa katemera ndi wa zachipatala, kutsimikizira kuti wophunzitsa anamaliza sekondale, kutsimikiziranso kuti palibe wamkulu m'nyumbamo amene anapezeka wolakwa pa milandu ina yotchulidwa m'lamulo m'zaka zisanu zapitazo, ndiponso zolinga za maphunziro pa phunziro lililonse. Ine ndinali nditalemba masamba 11 a zolinga, mlungu ndi mlungu, monga mmene mphunzitsi wa kwathu amakonzera sikimu yoti woyendera sukulu adzaione. Mayiwa anawerenga zonse mofatsa, kenako anandiuza kuti lamulo limangofuna autilaini, kutanthauza mitu ikuluikulu yokha mwachidule, ndipo limanena momveka kuti mkulu wa sukulu sangagwiritse ntchito zolingazo pogamula kuti banja likuphwanya lamulo. Tinazifupikitsa n'kutsala masamba awiri. Apa mpamene ndinayamba kuona kuti luso lawo lenileni ndi kusiyanitsa zimene lamulo limafuna ndi zimene mantha a kholo amawonjezerapo.

Mantha anga aakulu anali pa chiyankhulo. M'chikalatacho kholo limalumbira kuti maphunziro ofunikawo adzaphunzitsidwa m'Chingerezi, pamene pakhomo pathu timayankhula Chichewa kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene tinasankhira njira imeneyi chinali chakuti ana asataye chiyankhulo cha agogo awo. Ndinafunsa ngati tiyenera kubisa zimenezi. Iwo anayankha kuti palibe chobisa, chifukwa lumbirolo likukhudza maphunziro otchulidwa m'lamulo, osati chiyankhulo cha kukhitchini kapena cha pa pemphero la madzulo. Anatilangiza kuti masamu, sayansi ndi enawo tiziphunzitsa ndi kulemba m'Chingerezi, ndipo timabuku ta nthano ta Chichewa timene agogo anatitumizira tizitilemba pa mndandanda wa zowerenga monga phunziro lowonjezera. Sanationetse nkhope ya kudabwa kapena kutikayikira, ndipo ulemu umenewo ndimauwerengera pa mtengo wa ntchito yawo.

Pakati pa chaka amakhala ndi nthawi yoona mmene fayilo ikuyendera, imene imalipiridwa payokha. Poyamba ndinkaiona ngati njira yongowonjezerera ndalama, koma m'mwezi wa Febuluwale chaka choyamba anapeza kuti tinalibe chilichonse chosonyeza kuti ana aphunzira za kuopsa kwa moto ndi kapewedwe kake. Lamulo la Pennsylvania limatchula phunziro limeneli mwachindunji, pamodzi ndi mbiri ya America ndi ya Pennsylvania, za unzika, zaumoyo, masewera olimbitsa thupi, nyimbo ndi zojambula. Ine maganizo anga onse anali pa masamu ndi kuwerenga. Tinajambula mapu a njira zotulukira m'nyumba, tinayeserera kangapo, ndipo mapuwo analowa m'fayilo. Anatikumbutsanso kuti mwana wathu wamkazi, amene anali mu giredi 3, anayenera kulemba mayeso ovomerezeka a kuwerenga ndi masamu, chifukwa lamulo limawafuna mu giredi 3, 5 ndi 8, ndiponso kuti kholo sililoledwa kuyang'anira mayesowo lokha. Iwo anatiyang'anirira mayeso a California Achievement Test pa mtengo wina wapadera.

Tsiku lounika ndi limene limandikhutiritsa kwambiri. Amatenga pafupifupi ola limodzi pa mwana aliyense. Satsegula fayilo kuti awerenge masamba onse. Amatenga ntchito ya mu Seputembala n'kuiika pambali pa ya mu Epulo, chifukwa chimene lamulo limatcha maphunziro oyenera ndi kuphunzira maphunziro ofunika kwa nthawi yofunika ndi kuonetsa kupita patsogolo kosalekeza. Mwana wathu wamwamuna ndi wamanyazi, ndipo ndinkaopa kuti akhala duu osayankha. Mayiwa anamufunsa za nyemba zimene anabzala m'makapu poyesa mphamvu ya dzuwa, ndipo mnyamatayo anafotokoza kwa mphindi zambiri chifukwa chake za pamthunzi zinatalika koma zili zofooka. Pambuyo pake anandiuza mosapita m'mbali kuti kalembedwe kake ka ziganizo kakutsalira poyerekeza ndi masamu, ndipo anandionetsa masamba atatu otsimikizira zimenezo. Kalata anasaina, koma sanandisiye ndi chitonthozo chabodza.

Phindu lina linaoneka titapereka kalatayo. Kalaliki wa ku ofesi ya maphunziro ya dera lathu anandiimbira foni n'kunena kuti ndibweretsenso fayilo yonse ndi zotsatira za mayeso. Ndikanakhala ndekha ndikananyamula zonse tsiku lomwelo, poti ife tinakula tikudziwa kuti zimene ofesi yanena sizitsutsidwa. Mayiwa ananditumizira ndime ya lamulo la Act 196 la mu 2014, limene linachotsa udindo wopereka fayilo kwa mkulu wa sukulu chaka ndi chaka n'kusiya kalata ya wounika yokha, ndipo anandithandiza kulemba yankho laulemu la mizere inayi. Nkhaniyo inathera pomwepo. Ndi iwonso amene anandidziwitsa kuti ofesi yomweyo ili ndi udindo wotibwereka mabuku a sukulu ogwirizana ndi kalasi ya mwana ngati titapempha, chinthu chimene palibe anali atatiuzapo.

Zofooka zilipo, ndipo chachikulu ndi nthawi. M'miyezi ya Meyi ndi Juni mayiwa amapanikizika kwambiri, moti chaka choyamba uthenga wanga unakhala masiku asanu ndi anayi osayankhidwa, ndipo tinapeza malo sabata yomaliza ya Juni. N'zoona kuti kalata ikachedwa lamulo limati mkulu wa sukulu atumize chidziwitso n'kupereka masiku 10 ena, koma kholo limene langoyamba kumene silifuna kuyamba ubale wake ndi ofesi mwa njira imeneyo. Mtengo wa kuunika mwana mmodzi sufika madola 100, umene ndi wabwino, koma mayeso ndi kuona fayilo pakati pa chaka zili ndi mitengo yakeyake imene sinalembedwe pamalo amodzi, ndipo ndinaidziwa pang'onopang'ono. Tiyeneranso kunena kuti iwo si loya, ndipo amanena okha kuti nkhani ikafika pa kuitanidwa kukazengedwa, banja lifune thandizo la odziwa malamulo.

Banja limene laphunzitsa pakhomo zaka zambiri ndipo lamulo likulidziwa pamtima lingangofuna tsiku lounika lokha. Kwa banja longoyamba, makamaka lochokera kunja ngati lathu, ndingalangize kuti lilipirenso nthawi ya pakati pa chaka. Ife chaka chamawa mwana wathu wamkazi alowa giredi 5 ndipo adzalembanso mayeso, choncho tinasungitsiratu malo a mu Epulo tisanatuluke mu ofesi yawo.