Soldering iron ya 150W patapita miyezi: moto ulipo, koma nsonga zikundidyera ndalama

Mlamu wanga amene wayamba kuika masola m'nyumba za anthu ku Mponela wandifunsa ngati agule soldering iron, chida chamagetsi chomatira mawaya ndi malata, ya 150W yonga yanga. Funsoli landipeza ndikuchokera kushopu kumene ndinaigula, mtima usanatsike, ndiye ena mwa mawuwa muwachotsereko mkwiyo.

Pakati pa sabata ndimalumikiza mawaya a mabatire ndi ma inverter, Loweruka ndimapanga nyali za zitini ndi kumata makeni othirira kudimba. Kale ndinkalimbana ndi kakang'ono ka 40W, kamene malo ake ndi pa wailesi basi. Ukakagunditsa pa waya wa 16mm², kopa amayamwa moto wonse, solder, chitsulo chofewa chomatira chija, amangokhala pamwamba ngati phala lozizira, pulasitiki ya waya n'kuyamba kufota iwe ukudikirabe. Ya 150W inathetsa zimenezi tsiku loyamba. Chinsinsi chili pa nsonga: ndi chidutswa chonenepa cha kopa chosunga moto wambiri, moti ukachikhazika pa lug (kachitsulo ka kumapeto kwa waya komangira pa batire), solder wa 60/40, amene amasungunuka pa madigiri pafupifupi 190, amayenderera n'kulowa pakati pa timawaya tonse waya asanapse kutali. Mpaka lero ndikaona akulowa choncho ndimakhululuka zambiri.

Chogwirira ndi chathabwa, sichiwotcha dzanja. Chingwe n'chachifupi koma cholimba. Pulagi inabwera ya mapini awiri, ndinaidula n'kuika yolowa m'masoketi athu. Magetsi akathima imagwira bwino pa inverter, kungoti pa batire ya 12V imakoka ma amp oposa 12, ndiye si yoisiya chiyakire ukukambirana mtengo ndi kasitomala. Pa foni kapena bolodi ya TV musayerekeze, imasenda tinjira takopa nthawi yomweyo.

Vuto lake ndi limodzi ndipo silichoka: ilibe choletsa kutentha. Ukaiika pansi kuti usende waya wina, yokha imangokwera mpaka kupitirira madigiri 400. Nsonga yake ndi kopa wosakutidwa ndi chitsulo, ndipo kopa wotentha chonchi amachita zinthu ziwiri. Amada, solder n'kuyamba kukana, kumangogubuduka timibulu n'kugwa pansi. Komanso solder mwiniwakeyo amasungunula kopa pang'onopang'ono, mpaka pansonga pamakumbika kadzenje. Ndiye umatenga fayilo, kupala, kupaka solder watsopano, mawa lake chimodzimodzi. Flux (mankhwala otsuka pomata kuti solder agwire) wa asidi amene malata amafuna ndiye amaidya mwaliwiro. Nsonga imene inabwera yaitali inafupika ndikuona.

Tsiku limene inandichititsa manyazi ndinali kwa mayi wina wa golosale, firiji yake ikudikira kuti ndimalize mawaya a batire. Nsonga inali itakumbika moti sinkakhudzanso lug bwinobwino. Ndinati ndiisololeko pang'ono, koma kasikuluwu kogwira nsonga kanali katauma gwa. Nditakamasula ndi pulayala mutu wake utaphwanyika kale, nsonga nayo inakana kutuluka, chifukwa makoko akuda a kopa wopsa anali atadzaza mpaipi. Kukoka mwamphamvu sungathe, pakuti element, kawaya kotenthetsa kaja, ili pomwepo ndipo ikathyoka basi kwatha. Ndinakhala pakhonde kuidikira izizire, kenako kumagogoda pang'onopang'ono, fumbi lakuda likuthothokera pa thalauza. Mayiwo anangoti, "Achimwene, nsomba zangatu zisungunuka." Sanakalipe, koma ndinachotsako pa mtengo ndekha.

Ndinapita kushopu ndi lisiti. Pogula paja mwini wake ananditsimikizira kuti masipeya alipo. Mnyamata wapakauntala sanayang'ane n'komwe lisitiyo: "Bwana, nsonga sitisunga, ingotengani ina yatsopano." Nditaumirira kuti ndionane ndi abwana ake, iwo anati garanti ndi ya element yokha, nsonga ndi chinthu chotha. Apo sananame, nsonga imathadi. Koma wogulitsa chinthu chotha mbali imodzi amayenera kusunga mbaliyo, makamaka atalonjeza ndi pakamwa pake. Yatsopanoyo mtengo unali utakwera, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa: chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, yankho la pakauntala iliyonse ndi dola.

Amene anandipulumutsa ndi mdala wina wokonza mawailesi mumsika. Anandiuza kuti ndidule waya umodzi wa chingwe, ndiikepo diode ya 1N5408, ndi switch yoilambalala, zonse zitsekeredwe m'kabokosi kapulasitiki. Diode imadutsitsa theka lokha la magetsi a AC, ndiye pamene ukusenda mawaya chitsulocho chimakhala pa theka la mphamvu, chofunda koma osapsa. Ukafika pa lug umadina switch, moto wonse n'kubwerera. Chinthu chotchipa kuposa botolo la Fanta chachita zimene fakitale inalephera kuika. Nsonga ndinasula ndekha pa kopa wa kwa ogula zitsulo zakale. Apa chenjerani ndi earth rod, ndodo zija amazika pansi poika magetsi m'nyumba: zambiri ndi chitsulo chongokutidwa kopa kunja, sizitumiza moto kunsonga. Pano ndili ndi nsonga ya malata payokha ndi ya mawaya payokha, chifukwa flux wa asidi akatsalira pa waya amaudya mpaka kubiriwira. Ikazizira ndimasolola nsonga n'kugwedeza makoko aja asanaunjikane. Ndipo poti solder ameneyu ali ndi mtovu, sindimata naye ndowa ya madzi akumwa, ngakhale kasitomala achonderere.

Tsono agule kapena ayi? Tsiku limene lug yagwira kamodzi n'kamodzi ndimati ndalama yanga inapita pabwino. Tsiku lopala nsonga ndimaiwerengera minibasi zopita kushopu, kopa, ndi zimene ndinachotsera mayi wa golosale, n'kupeza kuti ndikanawonjezera pang'ono ndikanatenga yokhala ndi thermostat yoletsa kutentha ndi nsonga yokutidwa chitsulo, imene sifuna fayilo. Alamu, ngati ntchito yanu ndi ma lug okhaokha, yambani mwagula crimping tool yabwino, chida chopanira lug pa waya, soldering iron ibwere pambuyo. Mukaifunabe, musatulutse ndalama wogulitsa asanaike nsonga yapadera pakauntala kuti muigwire ndi dzanja lanu. Wogulitsa wanga uja anati kontena ili m'njira ndipo analemba nambala yanga kuseri kwa katoni. Mawaya ndi ma lug ndayamba kugula shopu yoyandikana nayo.