Vitz ya 2009, galimoto yanga yoyamba: zimene ndaona nditayenda nayo

Laisensi ndinaitenga mu June 2023, ulendo wachiwiri, chifukwa woyamba ndinagwa pobwerera m'mbuyo. Pofika September ndinali ndi K6.5 miliyoni: ina ya chipereganyo cha kuntchito, ina ya ku banki m'khonde, yotsalayo ngongole ya ku SACCO. Ndimakhala ku Chilomoni, ntchito ndimagwira ku Limbe, ndiye tsiku lililonse anali maminibasi awiri popita, awiri pobwera, nyengo ya mvula nsapato zili m'jumbo. Galimoto sindinkaifunira kutchena ayi.

Anzanga ankati ndiitanitse ndekha ku Japan. Pa foni mtengo umaoneka wotsika, koma mukaphatikiza sitima mpaka ku Dar es Salaam, dalaivala woti aifikitse pa Songwe ndi nambala yongodutsira ya IT, msonkho wa MRA ndi kulembetsa, kutsika kuja kumatheratu. Madola nawo ankasowa m'mabanki. Ndinasankha kugula chinthu chimene ndachigwira ndi manja anga, pa malo ena ogulitsira galimoto mu Blantyre momwemuno.

Tsiku loyamba ndinapita ndekha, ndipo mnyamata wogulitsa anandiwerenga msanga kuti ndine mlendo pa nkhani zimenezi. "Achemwali, iyi ndi yanu, ya azimayi yeniyeni, ku Japan ankayendera agogo popita kumsika basi." Galimoto iliyonse pamalopo inali ya agogo a ku Japan. Panali Daihatsu Mira, Mazda Demio ndi Toyota Vitz yasiliva ya 2009 imene ankaiitanira K6.4 miliyoni. Mira inali yotsika mtengo, koma injini ya 660cc ndi zitunda za kwathu kuno sindinkaona zikugwirizana. Mtima unagwa pa Vitz, ndipo chikanakhala kuti ndalama ndinali nazo m'chikwama, ndikanalipira pomwepo.

M'mawa mwake ndinabwera ndi amalume anga, amene agwira umakaniki ku Ndirande kuyambira ine ndisanabadwe. Anaumirira kuti tifike 7 koloko anyamatawo asanalize injini. Akuti injini yotentha imabisa matenda. Utsi ndi kulira kwachilendo zimamveka poyiliza ili yozizira. Anatsegula potsirira oyilo n'kuyang'ana kunsi kwa chivundikiro, anayala katoni n'kulowa pansi, kenako anakhala pampando wa dalaivala osalankhula kanthu. Mita inkaonetsa makilomita 68,000. Iwo anangosisita chiwongolero chimene chinali chitaperepeseka mpaka kunyezimira, n'kuloza labala wa pa buleki amene anali atadyeka mbali imodzi.

"Iwe, agogo akowa ankapita kumsika wa ku Karonga tsiku lililonse?"

Mnyamata uja anaseka nawo, koma kukoma pakamwa kuja kunamuthera.

Chimene ine sindikanachiona ngakhale mutandipatsa sabata ndi matayala. Ankaoneka atsopano, mizere yake yakuya bwinobwino. Amalume anandionetsa manambala anayi amene amalembedwa m'mbali mwa tayala: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene tayalalo linapangidwa. Athuwa anali a 2014, komanso anali oyendera pa chipale chofewa, labala wake wofewa amene pa phula lotentha la mu October amasungunuka ngati sopo. Kumbuyo nako mashokabuzoba anali atatopa, moti ukakanikiza galimoto inkavina kawiri katatu isanakhazikike. Injini ndi giya anaziyamikira. Titamaliza kukambirana, mtengo unafika pa K5.8 miliyoni.

Za malowa ndinene zoona mbali zonse. Mapepala anali oyera: a msonkho analipo, nambala ya chasisi inkagwirizana ndi ya pa blue book, ndipo anatilola kuyesa galimoto mpaka ku Chichiri n'kubwerera popanda kutiwerengera mphindi. Chimene anandikhumudwitsa nacho ndi kusintha umwini. Galimoto inali m'dzina la bwana wawo, ndipo ku Road Traffic pansi pa MalTIS, ndondomeko yawo ya pakompyuta, pamafunika mwini wake adinde chala. Anandiuza kuti "mawa". Mawa limenelo linatha masabata atatu, bwana ali ku Dar, bwana ali ku maliro, foni ya bwana yathima. Chinandipulumutsa n'choti amalume anandiletsa kupereka ndalama zonse. K500,000 ndinaigwira mpaka dzina langa litatuluka pa pepala. Tsiku limene ndinanena kuti ndikubweza galimoto, bwana anapezeka ku Road Traffic pa Ginnery Corner 8 koloko isanakwane. Madobadoba a panja paja musawapatse mapepala anu, mzere ndi wautali koma umayenda.

Ndalama imene ndinatsitsa ija sinagone m'thumba. Matayala anayi, mashokabuzoba, batire, oyilo, inshuwalansi ndi COF (chiphaso chakuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) zinadya yonse n'kupitirira pang'ono. Patangotha miyezi iwiri, mu November 2023, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo nditadutsanso pa malo aja mitengo inali ina. Pamenepo panalibe nzeru zanga, unali mwayi chabe.

Tsono galimotoyo. Injini yake ndi ya 996cc, ya masilinda atatu, ndiye mukaima pa maloboti imanjenjemera pang'ono ngati yazizidwa. Sabata yoyamba ndinaimbira amalume ndili ndi mantha, iwo n'kuti ndi chibadwa chake. Mita ya liwiro ili pakati pa dashibodi osati kuseri kwa chiwongolero, zimene zimadabwitsa masiku awiri okha. Kwa munthu amene manja akadali kunjenjemera, ubwino wake waukulu ndi kufupika. Mu Limbe, pamene minibasi imaima paliponse ndipo akabaza amakutulukira kumanzere ndi kumanja nthawi imodzi, ndimaona ngodya zonse zinayi za galimoto yanga, ndipo kampata kamene ena amakadutsa ine ndimaimikapo. Ndi ya otomatiki, choncho zobwerera m'mbuyo pa chitunda poyembekezera mzere sindizidziwa.

Mafuta ndiye ndimaitamandira mopanda manyazi. Mwa kuwerengera kwanga, m'tauni imandipatsa makilomita 14 kapena 15 pa lita. Thanki yake ndi ya malita 42, ndipo nthawi ya mizere ya mafuta mu 2024 ndinkati ndikadzazitsa kamodzi ndimatha pafupifupi masabata atatu, anzanga a magalimoto akuluakulu akugona pa filing'i siteshoni kawiri pa sabata.

Koma musaisenzetse. Tinapita ku ukwati ku Chikwawa anthu anayi, pobwera n'kuwonjezera thumba la mpunga. Pa mapiri a Thabwa ndinazimitsa zoziziritsira, phazi lili pansi, injini ikulira ngati chigayo, ife tikukwawa kumbuyo kwa lole ya shuga popanda mphamvu yoipitirira. Inakwera ndithu, koma palibe amene ankalankhula. Ndi yotsikanso: ikadzaza imakhula pa mahampu, ndipo msewu wafumbi wa kumudzi kwathu ku Chiradzulu unandichotsera pulasitiki ya kunsi kwa injini ulendo woyamba womwewo. Kubuti kumalowa zogula za pamwezi, osati katundu wa munthu wosamuka.

Pali zinthu ziwiri zimene palibe anandiuza pogula. Giya yake ndi ya mtundu wa CVT, wosiyana ndi otomatiki wamba, ili ndi oyilo wakewake. Makaniki wa pansi pa mtengo akakuthirirani wa otomatiki wamba, mwaiyamba nkhani yodula. Ine ndimagula ndekha n'kuimirira pomwepo akuthira. China ndi wailesi. Za ku Japan za nthawi imeneyo zimalekezera pa 90 MHz, ndiye masiteshoni ambiri a kuno sinkawagwira, kuwonjezera apo mabatani onse ndi a Chijapanizi ndipo m'mawa uliwonse mayi wina m'wailesimo amandilonjera m'chinenero chimene sindimva. Kachipangizo kowonjezera mawailesi anandiikira ku Limbe pa mtengo wochepa. Mayi uja ndinamusiya, tinazolowerana.

Zipangizo sizivuta. Injini yomweyi ili mu Passo ndi Belta, ndiye ku Ndirande ukangotchula amakufunsa kuti yatsopano kapena yochotsa pa ina. Kupatula zimene ndinasintha poyamba zija, ndagulako mapulagi ndi mabuleki akutsogolo basi.

Kwa wophunzira kumene amene maulendo ake ndi a m'tauni, ndimaivomereza ndi mtima wonse, bola apite ndi makaniki wake ndipo asunge ndalama ina pambali. Wa banja lalikulu kapena wopita kumudzi mwezi ndi mwezi ayang'ane ina yokwererapo. Inshuwalansi ndinatenga ya third party, yolipira za ena okha osati galimoto yanga, chifukwa ndi imene ndikanakwanitsa, ndiye chitseko chakumanzere chimene ndinachikhulitsa pa geti ya kunyumba mwezi woyamba chikadali chomwecho. Amalume akuti tidzachiwongola ndikadzasiya kulowa pa getiyo ndikulankhula pa foni.